Nsomba za m'Dzenje la Mgodi

"Kodi zimenezi sizingadyedwe?"

Anafunsa ndi Ummy, mayi wogulitsa usipa pamsewu, atagwira waya wa mpanda ndi manja onse awiri. Anthu anali atazungulira damu lonse, maso ali pamadzi pomwe nsomba za makumba zikwi zisanu zinali zitayandama chagada, mimba zili mbee! Dzuwa la Okutobala linali litayamba kale ntchito yake, ndipo ntchentche zinali zitamva uthenga.

Sajeni Benedicta Maganizo anaimika njinga yamoto pansi pa mgwalangwa. Anali atatha zaka ziwiri pa kapolisi ka m'mbali mwa msewu wa M5, kufupi ndi dziwe la Chia, ndipo milandu yake yambiri inali ya mbuzi ndi maukonde. Maliro a nsomba anali asanaitanidwepo.

Mbiri ya damulo aliyense m'mudzi wa Kaliwo ankaidziwa. Linali dzenje limene kampani yokumba mchenga wakuda inasiya itasunthira chakumpoto. Panali mgwirizano woti gawo la msonkho wa mgodiwo lizibwerera kumudzi chaka ndi chaka, kuti mchenga ukadzatha anthu adzatsale ndi chogwira. Komiti inakhala pansi n'kugamula kuti ndalama za chaka choyamba zikonzere dzenjelo, kulizinga ndi waya ndi kuikamo ana a nsomba. Kukolola kunatsala masabata awiri. Akuluakulu a kukhonsolo anali atalonjeza kudzabwera ndi wojambula.

Amene analandira Benedicta pageti anali a Tedson Jeremy, mphunzitsi wopuma ntchito komanso wapampando wa komitiyo. Anavala malaya oyera ochita kusita, fayilo ili kukhwapa.

"A Sajeni, iyi si ngozi. Ichi ndi chiwembu chochita kukonza, chofuna kubwezeretsa chitukuko m'mbuyo. Umboni ndi uwu."

Anakweza mtolo wa nthambi zamasamba, womangidwa bwinobwino ndi luzi.

"Katupe, mankhwala ophera nsomba. Ndaupeza ukuyandama pakona apo."

"Nthawi yanji?"

"Cha m'ma sikisi. Ine kunalibe kuno kuyambira Lachinayi, ndinali ku Salima ku maphunziro a chitukuko chokhazikika. Ndafika dzulo madzulo. Lero ndati ndikaone ana angawa, ndiye..." Benedicta anaona kuti chisoni chawo sichinali chongopanga.

"Mukuganizira ndani?"

Gulu ndi limene linayankha, pakamwa pamodzi: "Sufiyani!"

"Ananena yekha pamsonkhano wa mwezi watha," anatero a Tedson akutsegula fayilo. "'Nsomba zimenezo simudzazilawa.' Zinalembedwa, ndi izi."

Sufiyani anali msodzi, mwini bwato limodzi ndi pakamwa posatseka. Panthawiyi anali kale m'chitokosi, chifukwa Konsitebo Stefano anamupeza padoko atazingidwa ndi anthu, wina atanyamula kale botolo la petulo lopita nalo kubwato lake.

Benedicta analowa mumpanda nazungulira damu yekha. Iye anali wa ku Dedza, wokulira chimanga ndi mbatatesi, ndipo mphuno yake inali isanazolowere zonse za kunyanja. Chakumtunda, kumene madzi anali osaya, pansi pa fungo la nsomba zowola panali fungo lina lowawasa. Ankalidziwa ndithu, koma sanathe kukumbukira kumene amalimva. Pomwepo m'mphepete munali mulu wa miyala ikuluikulu, yonyowa ndi yoterera. Anaiwerenga, inakwana makumi atatu ndi umodzi. Dera lonselo ndi la mchenga, mwala suchita kumera. Kuchoka pamuluwo kukafika pageti, wina anali atasesa pansi ndi nthambi, ndipo anasesa mwachangu, moti m'malo ena munkaonekabe mizere ya chinthu cholemera chimene chinakokedwa.

Pageti anagwira loko. Anali wabwinobwino, wopanda ndi kachipsera komwe.

"Kiyi amasunga ndani, aphunzitsi?"

"Ine ndekha."

"Munapita naye ku Salima?"

A Tedson anakonza fayilo kukhwapa. "Katundu wa anthu sindiyenda naye. Amakhala pamsomali kuchipinda kwanga. Koma wachiwembuyo sanafunikire kiyi, wangoponyera pamwamba pa waya."

"Miyala ijanso waponyera pamwamba pa waya?"

"Imene ija inatsala ndi omanga."

Benedicta anayang'ana damu lonse, lokumba mumchenga ndi dothi, lopanda ndi njerwa imodzi yomwe. Anasankha mwala wocheperako, nauika m'jumbo, n'kutenganso mtolo wa katupe uja. Akukwera njinga, foni inalira. Anali abwana ake. Anati nkhaniyo yamveka kale kukhonsolo, ndipo popeza lamulo sililola kusunga munthu kupyola maola makumi anayi ndi asanu ndi atatu, Sufiyani akaonekere kukhoti Lachinayi m'mawa.

Limeneli linali Lachiwiri.

*

Sufiyani anakhala pabenchi atatambalala, mlomo utatupa mbali imodzi. Kutupako sikunamuchepetse mawu.

"Ndinanena, eya. Walahi ndinanena. Ndinati simudzazilawa chifukwa adzadya ndi a komiti pamodzi ndi alendo awo a magalimoto. Kulosera ndi mlandu masiku ano?"

"Munkadana nalo bwanji damulo?"

"Ine ndinati ndalamazo tikonzere doko limene makina awo anagumula, tidzalenso bango m'mbali mwa Chia momwe nsomba zimaswera. Mgodi udzatha, nyanja idzatsala. Iwo anati ayi, tiwete nsomba m'dzenje. Ife ana a kunyanja, kuweta nsomba ngati nkhuku!"

"Kuyambira Lolemba madzulo mpaka lero m'mawa munali kuti?"

"Panyanja, cha ku Bua."

"Mboni?"

"Alamu anga awiri."

"Alamu anu mutawapempha akhoza kulumbira kuti munali ku Maka."

Sufiyani anaseka, kenaka anagwira mlomo. "Zimenezo ndiye zoona, Sajeni. Amadya kwanga."

Benedicta anaika mtolo uja patebulo. Msodziyo anauyang'ana, anautembenuza ndi chala, nayang'ana Stefano amene anaima pakhomo ngati akufuna womuthandiza kuseka.

"Ichi ndi chiyani? Tsache?"

"Akuti ndi chimene mwaphera nsomba."

"Aa, mayi. Katupe timasinja..." Anadzigwira. "Amasinja, ine ndimangomva kwa anthu oipa. Amamusinja mumtondo mpaka achite thovu, amuike m'thumba, n'kumalifinya m'madzi. Masamba athunthu chonchi nsomba zikhoza kubisalamo dzuwa. Ndipo damu lonse lija lingafune ngolo yodzaza. Taonani mfundoyi. Amene wamanga chonchi ndi munthu waudongo, koma sanaphepo nsomba. Katupe anangomuwerenga m'buku."

"Kumunda kwanu alipo?"

"Ndi ndani alibe? Komiti yomweyo inagawa mbewu nyumba iliyonse, ati abwezeretse nthaka kumene kunakumbidwa."

Stefano anagwedeza mutu kuvomereza. Nayenso anali naye kuseri kwa nyumba.

Kenaka Sufiyani anasiya nthabwala. Anatsamira patebulo, mawu atatsika.

"Sajeni, nyanja atseka pa wanu Novembala. Masiku atsalawa ndi amene amadyetsa ana anga mpaka Januwale. Mukandipititsa kukhoti, mudzi wonse ukaima kumbuyo kwa aphunzitsi, ine ndikaima ndi alamu awiri aja. Andiika pa rimandi. Pomadzatuluka ndidzapeza bwato lili phulusa. Ine nsomba sindipha ndi mankhwala, Mulungu ndi mboni."

"Nanga chapha n'chiyani?"

"Ndikanadziwa bwenzi ndanena kalekale. Mukundiona ngati munthu wosunga mawu?"

*

Lachitatu m'mawa Benedicta anapita kwa Ummy. Benchi yake ya usipa inali pamphambano pomwe kanjira ka kudamu kamakumana ndi msewu waukulu, ndipo panalibe chodutsa pamenepo iye osachiona.

"Gulani kaye, a Sajeni. Pakamwa panga pamatseguka ndi malonda."

Benedicta anagula mulu umodzi. Ummy anawonjezera tinsomba tiwiri ta basela.

"Masiku apitawa munaona ndani akupita kudamu?"

"Ine? Maso angawa ndi a makasitomala okha. Minibasi ikaima ndimaona matumba a anthu, osati nkhope."

"Chabwino. Mphuno yanu nayo ndi ya makasitomala okha?"

Anatulutsa mwala m'jumbo. Ummy anaulandira moseka, naununkhiza. Kuseka kunatha. Anaubweza msanga ngati ukutentha, n'kupukuta manja pachitenje.

"Mwautenga kuti?"

"Mukudziwa kumene ndautenga. Ukununkha chiyani?"

"Zaka ziwiri muli kuno, simudziwabe? Inu a kumapiri! Mwala uwu wagona pachinangwa. Timapsinjira matumba poviika, kuti asayandame."

Apo mpomwe Benedicta anakumbukira. Linali fungo limene limamuthamangitsa kuseri kwa nyumba za eni dera, la chinangwa choviikidwa chopangira ufa wa kondowole. Anthu a kuno salimvanso, anabadwira momwemo.

"Mumaviika kuti masiku ano?"

Funso limeneli linamasula Ummy kuposa malonda.

"Kuti? Funsani makina! Tinali ndi zithaphwi zathu kudambo, agogo athu ankaviika momwemo, aliyense ndi malo ake. Makina anabwera, sabata imodzi zonse fwaa! Ku Chia kuli ng'ona. Kunyanja mafunde amatenga, chimene mafunde asiya akuba amatenga. Mgolo umodzi woviikiramo mtengo wake ngati mbuzi. Ndalama za mgodi zitabwera, ife amayi tinapita kukomiti, tinati timangireni matanki atatu a simenti, basi atatu. Mukudziwa anatiyankha chiyani? Ati kondowole si chitukuko. Atamaliza msonkhano anapita kwawo kukadya kondowole yemweyo."

"Madzi oviikamo chinangwa ndi oopsa?"

"Akakhala a gomani, chinangwa chowawa chija, mbuzi ikamwa siifika kunyumba."

"Nanga nsomba?"

Ummy anayamba kusanja usipa umene unali wosanjidwa kale.

"Thumba limodzi, mwala umodzi?" anafunsanso Benedicta.

"Eya."

"Ndapeza miyala makumi atatu ndi umodzi. Ndani angaviike chinangwa chochuluka chonchi?"

"Ine sindinatchule munthu, mumve bwino. Mawa ndifunanso kugulitsa pano." Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Banja limaviika thumba limodzi, akachulutsa awiri. Makumi atatu ndi maliro kapena ukwati. Ndipo kuno mwezi uno sikunafe munthu."

*

Fungo linamulandira asanaone nyumba. Pabwalo la a Tedson panali poyera ngati pagwa matalala. Chinangwa chinayanikidwa pathandala, pamphasa, pamalata a khitchini, ngakhale pamabenchi obwereka kutchalitchi. Amayi anayi amene ankachiphwanyaphwanya ataona yunifolomu anakumbukira onse nthawi imodzi kuti asiya miphika pamoto kwawo.

Anatsala mayi Enelesi, mkazi wa a Tedson, wamfupi, wa imvi zochepa m'mbali mwa duku. Anayala mkeka pamthunzi, napereka moni wonse bwinobwino, osadumpha ndi ana omwe.

"Ukwati ndi liti, mayi?"

"Loweruka lino. Rebeka, mwana wathu wotsiriza. Akuchimuna akuchokera ku Dwangwa, malole awiri."

"Chinangwa chonsechi munaviika kuti?"

Mayi Enelesi anatola kachidutswa, nakaphwanya ndi zala. Pakati pake panali pouma.

"Mukuona? Sichinafewe. Chinafunika tsiku linanso, koma tachivuula mothamanga." Anakataya. "Ndakhala ndikukudikirani kuyambira dzulo. Sindinagone."

Anafotokoza mosazungulira. Abambo atanyamuka Lachinayi, iwo anakumba gomani munda wonse. Poviika panalibe. Kiyi anali pamsomali, ndipo damu linali ndi madzi, mpanda ndi loko, malo okhawo m'mudzi monse amene wakuba sakanafika. Lachisanu m'bandakucha iwo ndi ang'ono awo anatutira matumba kumeneko pangolo.

"Ndinati madzi ndi ambiri, nsomba zithawira mbali ina. M'zithaphwi zathu munalibe nsomba, a Sajeni. Ndikanadziwira kuti?"

"Aphunzitsi anadziwa liti?"

"Dzana madzulo. Ndinawauza Lolemba atangofika, anakalipa, tinati kukacha tikachotse. Titafika dzulo m'mawa tinapeza nsomba zayandama kale."

"Katupe anathyola ndani?"

"Mayi a Rebeka!"

A Tedson anali ataima pangodya ya nyumba, njinga ili m'manja. Anaitsamiritsa pakhoma mosamala, nabwera kudzakhala pampando. Fayilo sanaisiye.

"A Sajeni, mkazi wanga ndi wotopa ndi zokonzekera. Zimene akunena..."

"Aphunzitsi, katupe amasinja. Munkadziwa?"

Nkhuku inadumphira pamphasa, palibe anaiingitsa.

"Sindinkadziwa," anatero a Tedson. "Bambo anga anali katekisiti. Sanatilole kupita kumadzi."

"Ndiye munathyola kumunda kwanu, munamanga, munaviika m'damu, n'kuitana anthu."

"Dzina sindinatchule ine. Anatchula ndi anthu."

"Inu munatsegula fayilo."

A Tedson anavula magalasi. Atayambanso kulankhula, mawu a pamsonkhano aja anali atawathera, anatsala a munthu wokalamba.

"Mwana wanga, ndimvereni. Ndalama za chaka chachiwiri zikubwera Disembala. Tinalemba mjigo wa kusukulu, chipinda cha amayi oyembekezera, mitengo zikwi khumi kumene kunakumbidwa. Mumgwirizano muli ndime yakuti komiti ikawononga yokha chitukuko, ndalama ziimitsidwa mpaka atafufuza. Kufufuza kwake mukukudziwa, zaka. Mgodi watsala ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Chaka chilichonse chimene titaye sichidzabweranso, mchenga ukupita tsiku ndi tsiku pamalole. Koma akamva kuti ndi munthu mmodzi wansanje, atipepesa, atipatsanso ana a nsomba. Ndinaima padamu paja ndi matumba kumapazi, ndinawerengera zonsezi. Sufiyani ndi mnyamata wolimba. Miyezi itatu, inayi, atuluka. Ine ndikanamuthandiza mwakachetechete."

Choipa chake n'chakuti Benedicta ankadziwa kuti mbali ina akunena zoona. Iye mwini ananyamulapo mayi wapakati panjinga yamoto kupita naye kuchipatala cha kutali, mayiyo akumuluma phewa ndi ululu. Ankadziwanso kuti fayilo ya Sufiyani inali yokonzeka, yokhala ndi mawu oopseza, umboni ndi mboni mudzi wathunthu. Akanangoisiya mmene inalili, palibe akanamufunsa kanthu.

"Bambo a Rebeka," anatero mayi Enelesi osakweza mawu, "zaka makumi atatu ndi zinayi sindinakutsutsenipo pamaso pa mlendo. Koma mwana wa eni ake agone m'chitokosi chifukwa cha kondowole wanga? Ine Loweruka ndikaimba bwanji m'tchalitchi? Tinakupemphani matanki atatu. Munabwera kunyumba n'kundiuza kuti ndakuchititsani manyazi pamsonkhano."

"Zimenezo si za pano."

"Ndi za kuti? Mumafuna ndikazinenere ku Salima?"

A Tedson anayang'ana bwalo lonse loyera lija ngati akuliona koyamba.

Benedicta analemba mawu a mayi Enelesi, nawawerengera, iwo n'kusaina. Kenaka analemba mawu a aphunzitsi. Iwo anawerenga okha kawiri, anakonza chilembo chimodzi, nasaina ndi cholembera chawo. Atatero anaimirira n'kukonza kolala.

"Ndikatenge jekete?"

Benedicta anatulutsa foni naimbira Stefano.

"Konsitebo, mutulutseni Sufiyani. Abwana ndilankhula nawo ndekha. Musamusiye pamsewu, mumuperekeze mpaka padoko, muime pomwepo mpaka bwato lake litalowa m'madzi. Wofunsa mumuuze kuti alibe mlandu, ndanena ndine."

Anadula foni. Anapinda mapepala aja, nawaika m'thumba la malaya, n'kutseka batani. A Tedson anali chiimire, manja ali kutsogolo, osadziwa powaika.

"Jekete isiyeni, aphunzitsi," anatero Benedicta akukwera njinga yamoto. "Ndidzakutengani Lolemba, eyiti koloko."